Galimoto Yokonzera Anthu Awiri: Mbiri ya Malemu a Mabanzi

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi, nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe pano, ndaimirira kuti ndiwerenge mbiri ya malemu amene tonse tinkawadziwa ndi dzina loti a Mabanzi. Ine ndine mlamu wawo, mlongo wa mayi amasiyewa. Banja landipatsa ntchitoyi ati chifukwa ndine ndinkacheza nawo kwambiri. Zoona zake n'zakuti ine ndinkalankhula, iwo ankamvetsera. Ngati pena ndiwaseka pang'ono mundikhululukire, chilamu sichitha ndi imfa.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1952, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali mlonda wa pa siteshoni ya sitima, choncho kwawo kunali kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa njanji. Ankakonda kunena kuti anakulira m'phokoso la zitsulo, n'chifukwa chake phokoso la anthu silinkawasangalatsa.

Anamaliza pulayimale bwinobwino, nachita zaka ziwiri ku sekondale. Bambo awo atamwalira mu 1969, malemu anasiya sukulu kuti athandize amayi awo kulera ang'ono awo. Sindinawamvepo akudandaula za zimenezi.

Mu 1970 analowa ntchito ku bekale, yokweza matileyi a buledi m'galimoto. Patapita zaka zisanu anatenga laisensi, ndipo anapatsidwa galimoto yoperekera buledi m'magolosale. Ana akaiona ikutulukira pakona ankakuwa kuti "Mabanzi! Mabanzi!" ndipo dzina linamera pomwepo. Anayendetsa galimoto za kampaniyo mpaka kupuma ntchito osagundapo ngakhale nkhuku. Kunena zoona, nkhuku yogundidwa ndi a Mabanzi ikanakhala yofuna yokha, chifukwa njinga zakapalasa zinkawapitirira. Akaweruka sankathamangira kunyumba monga anzawo. Ankatsalira kugalaja ya kampani kuthandiza amakaniko, ndipo n'kumene anaphunzira kugwira sipanala.

Alongo anga panthawiyo ankagulitsa m'golosale ina ya pamsewu waukulu. Anthu anadabwa kuona golosale imeneyo ikulandira buledi kawiri pa tsiku, pamene zina zonse zinkalandira kamodzi. Ine monga mlongo wa mkazi ndinayenera kuwavuta mkuluyu, koma munthu wobwera ndi mabanzi otentha m'thumba la jekete umamuvuta bwanji? Anamanga ukwati woyera mu 1978. Mulungu anawapatsa ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri. Wachiwiri anatisiya ali wakhanda mu 1984.

Mu 1991 malemu anagula galimoto yaing'ono yobiriwira imene mwaiona itaima pansi pa mtengo pabwalo lawo. Anaigula kwa bwana wina wa ku bekale, ili yakale kale. Sanaipititsepo kugalaja ya munthu. Loweruka likakwana ankayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwake, ndipo apa m'pamene alongo anga ankalowera ntchito. Amene mumadziwa za galimoto mukudziwa kuti chiwongolero chikayamba kugwedera, munthu mmodzi sangapeze pamene pakhwefuka. Pamafunika wina akhale pampando azichipotoza uku ndi uku, wina ali pansi akuyang'ana ndi kugwira chitsulo chilichonse. Alongo anga ankakhala pampando wa woyendetsa ndi zoluka zawo pamiyendo, malemu ali pansi akuti, "Kumanja, mayi. Basi. Kumanzere." Mayiwa sanaphunzirepo kuyendetsa galimoto, koma anaiwongolera zaka makumi atatu osatuluka pageti.

Kumpingo malemu sanali munthu wa pagome, ndipo kwaya inawayesa kamodzi n'kuwathokoza. Ntchito yawo inali yotsegula zitseko, kuimba belu ndi kutengera agogo osatha kuyenda kunyumba zawo mapemphero akatha. Ambiri mwa agogo amenewo anatsogola kale. Anatumikira motero kuyambira 1986 mpaka sabata yawo yomaliza.

Anapuma ntchito mu 2012. Apa n'kuti ana atakula n'kupita kutali. Wamwamuna amagwira ntchito mumzinda waukulu, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto, ndipo wamkazi anakwatiwa kunja kwa dziko. M'nyumba munatsala anthu awiri, ndipo awiriwo ankakwanirana.

Mu 2022 alongo anga anagwa kukhitchini ndi matenda a sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zinafooka, lilime linalemera. Mwana wawo anabwera n'kuwatengera kumzinda kumene kuli chipatala chachikulu. Tonse tinagwirizana nazo, malemu omwe. Ankaganiza kuti ndi za mwezi umodzi kapena iwiri.

Malemu anapitako pabasi kukawaona. Mwanayu amakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba, ndipo munthu wozolowera bwalo lake sakanakhalitsa kumeneko. Apongozi awo, mkazi wa mwanayu, anawalandira bwino, izi ndinene poyera. Koma iwo ankangokhala pampando manja ali pamaondo ngati mlendo wodikira basi. Tsiku lobwerera, alongo anga anawagwira malaya ndi dzanja lawo labwinolo n'kufunsa mawu amene anawatengera nthawi kuti atuluke: "Mudzanditenga liti?"

Mwana wawo anayankha m'malo mwa bambo ake, ndipo anayankha zoona. Anati amayi ayenera kumapita kuchipatala pafupipafupi kukawongola ziwalo, ndipo kuchokera kunyumba kwa bambo chipatala chili patali, minibasi sangaikwanitse. Anatinso galimoto ya bambo siyonyamulira wodwala. Anamaliza ndi lonjezo, kuti tsiku limene galimotoyo idzayende mowongoka n'kupambana kwa oyeza galimoto, iye mwini adzawanyamula amayi ake n'kuwakhazika pampando wakutsogolo. Pasapezeke wina pano womuda mwanayu. Ine galimotoyo ndinaikwera masiku amenewo. Inkayenda ngati munthu wochokera kumowa, kutsogolo kukugogoda pa kabampu kalikonse, matayala atadyeka mbali imodzi. Chiwongolero unkachita kuchipotoza kaye ndithu matayala asanamve kuti akuitanidwa.

Kuyambira tsiku limenelo malemu anali ndi ntchito imodzi yokha padziko, yokonza kutsogolo kwa galimoto ija kuti akatenge akazi awo. Magalaja awiri anaikana, ati zipangizo za galimoto ya mtundu umenewo zinasiya kupangidwa. Wina anawauza kuti angoigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Malemu anamuthokoza, navala chipewa chawo, n'kubwerera kunyumba kukaikweza pajeke.

Anaikhazika pa zipika, nachotsa matayala akutsogolo, n'kuyamba kumasula chimodzichimodzi. Mabauti anali atagwirana ndi dzimbiri. Ankawathira mafuta m'mawa, n'kuwasiya, n'kudzawayesa mawa lake. Bauti lina linawatengera sabata, ndipo litamasuka anandiimbira foni kundiuza, ngati kuti kwabadwa mwana. Timphira tija amati mabushi, timene timakhala polumikizira zitsulo kuti zisakhulane, tinali titaphwanyika ngati makala. Mabolojointi, amene ali ngati mfundo za bondo la galimoto, ankagwedera ukangowakhudza ndi chala. Mashoko, aja oletsa galimoto kudumphadumpha m'mabampu, anali atatha mafuta kalekale. Chilichonse chimene amasula ankachitsuka ndi palafini n'kuchiyala pa tebulo lodyera, cha kumanja kumanja, cha kumanzere kumanzere. Nditawafunsa kuti nanga mudyera pati, anati munthu mmodzi safuna tebulo.

Zipangizo anazisaka m'malo ophwasulira galimoto zakufa. Ankakwera minibasi m'mawa atanyamula chitsulo chakutha m'chikwama, n'kumakayenda pakati pa magalimoto a dzimbiri kufunafuna inzake ya galimoto yawo. Masiku ambiri ankabwerako chimanjamanja. Tayirodi imodzi, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, anaipeza pa galimoto imene munali mutaikira nkhuku. Mabushi ena anakasemetsa kwa mmisiri wa mphira. Powalowetsa analibe makina, choncho anagwiritsa ntchito bauti lalitali ndi mawashala, n'kumamanga pang'onopang'ono mpaka mphira italowa. Manja awo anali atayamba kale kunjenjemera, koma sipanala ikakhala m'manjamo ankakhazikika.

Chimene chinawavuta kwambiri sichinali dzimbiri. Panalibe wokhala pampando. Ine ndimakhala kutsidya lina la tauni ndipo miyendo yangayi mukuiona, ndinkafikako mwa apo ndi apo. Tsiku lina nditafika ndinapeza atamanga chingwe pa chiwongolero, mbali iyi ndi mbali iyo, atachitulutsira pa mawindo onse awiri n'kuchilowetsa kunsi kwa galimoto. Iwo anali chagada pakatoni, akukoka chingwe ndi dzanja limodzi, linalo likugwira chitsulo. Pamene maso sakanafika anaimikapo kalilole wa alongo anga, uja wa pa tebulo la kuchipinda. Ndinawaseka kuti alamu, mwasanduka woyendetsa ngolo? Anaseka nawo. Koma pobwerera kwathu ndinalira m'minibasi, anthu n'kumandiyang'ana.

Mayi oyandikana nawo nyumba anandiuza china chimene andilola kuti ndinene pano. Tsiku lina masana anamva kuseri kwa mpanda mawu a malemu akuti, "Kumanja, mayi. Basi. Kumanzere." Anasangalala, poganiza kuti anzawo abwerako kuchipatala. Anavula epuloni n'kuthamangira kukawalonjera. Atalowa pageti anapeza mpando uli wopanda munthu, chiwongolero chikutembenuka chokha, miyendo ya malemu itatulukira kunsi kwa galimoto. Anabwerera chakumbuyo osawadziwitsa kuti anabwera.

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Malemu anakhala okha m'nyumba ija zaka ziwiri ndi miyezi. Ankaphika kamodzi patsiku, m'kapoto kamodzi, n'kudyera momwemo atakhala pakhonde moyang'anana ndi galimoto. Wailesi inkalankhula tsiku lonse kuti m'nyumba mumveke mawu. Mbali ya bedi ya alongo anga sanagonepo, ndipo nsapato zawo zinakhala pakhomo la kuchipinda pamene anazivulira. Lamulungu lililonse tinkawaona pakhomo la tchalitchi, girisi ali m'zikhadabo, tinkawapatsa moni iwo n'kuyankha kuti ali bwino, ife n'kulowa. Lero tadzaza bwalo mpaka ena aima pamsewu, ndipo banja likuthokoza. Ndingoti mwa ife tonse, mmodzi yekha akanakwana pampando uja.

Madzulo aliwonse ankaimba foni kumzinda. Alongo anga sankatha kulankhula zambiri, choncho malemu, munthu amene moyo wake wonse anali wosalankhulalankhula, ndiwo ankalankhula. Ankawafotokozera za bauti limene lamasuka, za tayirodi ya m'chikwere cha nkhuku, za mbali imene yatha ndi imene yatsala. Apongozi awo akuti mayi ankamvetsera zonsezo foni ili pakhutu, maso ali pawindo, ndipo tsiku limene foni yachedwa ankakana kudya.

Chakumayambiriro kwa chaka chino malemu anayamba kutupa miyendo ndi kubanika akayenda pang'ono. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a mtima. Adokotala anawapatsa mankhwala n'kuwaletsa kunyamula zolemera ndi kugona pa simenti yozizira. Mankhwala ankamwa mokhulupirika. Za simentizo, anangowonjezera katoni yachiwiri. Anatipempha kuti tisawauze alongo anga, ndipo mwana wawo atamva n'kuwauza kuti asiye galimotoyo abwere adzakhale nawo kumzinda, anayankha kuti amayi ako sanandifunse kuti ndidzabwera liti, anandifunsa kuti ndidzawatenga liti.

Mwezi wathawu anandiitanitsa, ati ntchito yatha koma kwatsala chinthu chimodzi chimene chingwe sichingachite. Ndinapeza matayala atabwezeredwa, galimoto itatsika pa zipika n'kuima pa matabwa ochindikala kuti pansi papezeke polowa. Anandifotokozera kuti mabauti a mabushi samangidwa galimoto ili m'mwamba. Amamangidwa itaima ndi miyendo yake, itasenza katundu amene izisenza masiku onse, apo ayi mphira imapotoka n'kutha msanga. Chimodzimodzinso powongola matayala. Tsono anandikhazika pampando wa woyendetsa kuti ndiimire iwo, ngakhale anadandaula kuti mimba yangayi ipitirira muyezo. Pampando wa pambali panali thumba la mchenga, atalimanga lamba.

Sindinafunse kuti thumbalo likuimira yani. Iwo ndiwo anandifunsa. Anati popeza ine ndinali nditangobwera kumene kowaona alongo anga, ndinene ngati thumbalo likufanana nawo kulemera. Analidzaza mongokumbukira mmene mayi analili akuchoka pakhomo. Ndinalinyamula pang'ono, ndipo ndinawauza zoona, kuti alongo anga anatsika thupi. Anamasula kukamwa kwa thumba, natenga mbale, n'kuchotsamo mchenga. Anandiyang'ana. Ndinati chotsaninso. Anachotsanso. Ndinati pang'ono pokha, alamu, chotsaninso. Ulendo wachitatuwo anakhala pa tayala lakale mbale ili m'manja, akuyang'ana kamulu ka mchenga kamene kanali pansi. Kenaka anamanganso thumba, nalikonza bwino pampando, n'kulowa kunsi kwa galimoto.

Anamanga mabauti onse tsiku limenelo, akupumira pakati. Atatero anakoka ulusi wa amisiri omanga nyumba kuchokera ku tayala lakumbuyo kufika lakutsogolo, mbali zonse ziwiri, n'kumapotoza matayirodi pang'onopang'ono mpaka matayala atayang'ana kumodzi. Ine ndinakhala pampando paja mpaka msana kuwawa, ndili ndi thumba la mchenga pambali panga.

Lachisanu la sabata yathayi anapita nayo kwa oyeza galimoto, thumba lili pampando pake, ndipo inapambana. Anaimbira mwana wawo, naimbira alongo anga, n'kuwauza kuti alongedze, akubwera Lolemba. Loweruka anatsuka galimoto, anachotsa zitsulo zakutha pa tebulo lodyera n'kuyalapo nsalu. Lamulungu belu la kutchalitchi silinalire pa nthawi yake. Akuluakulu a mpingo atapita kukaona anawapeza atakhala pakhonde, atavala kale jekete, akulephera kupuma. Anathamangira nawo kuchipatala. Mwana wawo anafika Lolemba pabasi n'kuwapeza akadali moyo, ndipo malemu anamupatsa makiyi a galimoto m'manja. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, ali ndi zaka 73.

Lachitatu mwanayu ananyamuka ndi galimoto ya bambo ake kukatenga amayi ake. Asananyamuke anatsitsa thumba lija n'kuliika pakhonde, posadziwa kuti ndi la chiyani. Ali panjira anandiimbira foni. Anati amalume, galimotoyi kutsogolo kuli zii, sikugogoda ngakhale pang'ono, koma ikukokera pang'ono mbali yanga, kaya bambo sanamalize. Ndinamuuza kuti bambo ako anamaliza, pita ukatenge amayi ako.

Dzulo anabwera nawo. Anawanyamula yekha kutsika nawo masitepe n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, monga analonjezera. Wandiuza kuti atangotuluka mumzinda n'kulowa msewu wautali, anaona kuti sakulimbananso ndi chiwongolero. Anafewetsa manja, galimoto n'kumangoyenda mowongoka. Anaima pambali pa msewu, ndipo amayi ake ndiwo anamutonthoza iye.

Alongo anga afika pakhomo pawo, pa galimoto imene amuna awo anawakonzera, ndipo owatsegulira chitseko tinali ife. Ataona thumba pakhonde ndinawafotokozera zonse. Anapempha kuti tisalitaye. Usiku wathawu auza ana awo kuti kumzinda sabwereranso, ndipo ana avomera. Choncho nyumba ija ikhalanso ndi munthu mmodzi. Galimoto ilipo, ndi yowongoka, ndipo mayiwa ayenera kumapita kuchipatala. Iwo sayendetsa, ine sindiyendetsa, ana abwerera kuntchito. Amene muli ndi laisensi ndipo mungapatule tsiku, mundipeze tikachoka kumanda kuno.

Malemu asiya mkazi wawo, amene akhala naye m'banja zaka 47. Asiya ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi, apongozi awiri ndi zidzukulu zisanu. Asiya mng'ono wawo mmodzi ndi mlongo wawo mmodzi mwa onse amene anabadwa nawo. Asiyanso ine mlamu wawo, wopanda wondimvetsera.

Alamu, ntchito munaimaliza, ndipo mayi afika bwino. Mzimu wa a Mabanzi uuse, apumule mu mtendere.